Kutumiza mwana kumudzi maliro atangotha: yankho langa kwa mayi wa ku Chiputula

Masabata atatu apitawo ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chiputula, konkuno ku Mzuzu. Andilola kuti ndiwayankhe poyera, bola ndisatchule dzina lawo. Mwachidule analemba motere:

"Amuna anga anatisiya mwezi wa Juni. Ndatsala ndi ana awiri, wamkazi wa zaka 8 ndi wamwamuna amene akadayamwa. Ndimagulitsa kaunjika, koma mpamba wonse unathera kuchipatala ndi pamaliro, ndipo lendi ndili ndi ngongole ya miyezi iwiri. Apongozi anga ku Mzimba akuti ndiwapatse wamkuluyu akakhale nawo mpaka ndidzapeze bwino. Munalembapo kuti inunso munakakhala kumudzi bambo anu atamwalira. Mukukumbukira chiyani? Zinakupwetekani? Nanga amayi anu munawakhululukira?"

Mayi mnzanga, pepani kwambiri ndi zovuta zakugweranizi. Ndachedwa kuyankha chifukwa kalata yanu ndinaiwerenga usiku, ndipo tulo sindinatione mpaka atambala. Mafunso anu atatuwo anandibweza ku zaka zimene ndimazipewa ngakhale pocheza ndi ana anga. Ndiyamba ndi kukufotokozerani zimene zinandichitikira, chifukwa maganizo anga pa nkhani yanu achokera pamenepo.

Bambo anga anali makaniko pa kampani ina yocheka matabwa a ku Chikangawa. Kwawo kunali ku Ntchisi, amayi kwawo ku Dowa, koma ine ndi mlongo wanga tinabadwira kuno, ndipo tinkakhala m'nyumba ya kampani ku Luwinga. Anadwala chifuwa miyezi yambiri, kenako anamwalira mu Julaye 1995. Ndinali ndi zaka 9, Sitandade 3. Mukuidziwa Julaye wa ku Mzuzu, nkhungu ili mbuu mpaka masana, kamvula kowaza kosatha, manja osapindika ndi chisanu. Tsiku limenelo anandidzutsa kusanache nkundipititsa kwa aneba. Anandiuza kuti adadi apita kumudzi kukapuma, amayi awaperekeza, abwera posachedwa. Ndinakhulupirira. Ndinasangalalanso, poti kwa anebawo tiyi ankamwera buledi.

Patapita masiku atatu ndili pa mzere wa pampopi, kamtsikana kena kamsinkhu wanga kanandiyang'ana nkunena m'Chitumbuka kuti, "Adada ŵako ŵafwa." Ndinakamenya ndi ndowa. Azimayi amene anali pamenepo sanandikalipire, anangoti zii nkumayang'ana pansi. Kukhala chete kwawoko ndiko kunandiuza zoona. Mpaka lero ndikamva madzi akulira m'ndowa yachitsulo yopanda kanthu, mtima umandidumpha.

Amayi anabwerera patatha sabata, atameta mpala, atamanga duku lakuda. Sitinakambirane kanthu. Iwo ankaganiza kuti aneba andiuza, aneba ankaganiza kuti amayi ndiwo adzandiuze. Achibale ena a bambo anabwera ndi lole nkunyamula mipando, njinga, bedi, ngakhale bokosi la masipanala. Chimene chinapulumuka ndi kawailesi kakang'ono ka mabatire awiri kamene amayi anakabisa m'thumba la ufa. Nyumba inali ya kampani, tinayenera kutulukamo. Mwezi usanathe ndinali m'basi ya Stagecoach, nkhope ili pagalasi, tikudutsa m'mitengo ya paini ya ku Chikangawa, kenako Jenda, Nkhamenya, Kasungu, mpaka tinatsika pa Mponela dzuwa litapendeka. Amalume anatichingamira ndi ngolo. Amayi anagona masiku awiri. Potsanzika anandigwira mapewa nkunena kuti, "Ukhala ndi agogo holide yokhayi."

Ndinakhalako zaka ziwiri ndi miyezi inayi.

Mwafunsa zimene ndikukumbukira. Choyamba ndi mdima. Ku Luwinga kunali magetsi, koma kwa agogo koloboyi ankazimitsidwa tikangotha kudya, chifukwa parafini anali wogula pa kabotolo. Tinkagona m'kuka, atsikana asanu pa mphasa ziwiri, agogo pambali pafupi ndi khomo. M'nyumbamo munkanunkha utsi, mfutso wouma ndi fodya wa agogo wapamphuno. Usiku woyamba ndinalira mosatulutsa mawu kuopa kudzutsa anzanga. Mumdimamo ndinangomva dzanja lokhakhala likundifufuza, likupeza mutu wanga, nkuyamba kundisisita. Agogo sananene kalikonse. Anachita zimenezo usiku uliwonse kwa miyezi, ndipo kukacha sankazitchula.

Chachiwiri ndi chiyankhulo. Kunyumba tinkayankhula Chichewa, koma mwana wokulira ku Mzuzu sadziwa kuti mawu ena amene ali pakamwa pake ndi a Chitumbuka. Atandipatsa madzi ndinati "yewo", anthu onse pabwalo anafa nacho chiseko. Ndiwo ndinkati dende. Dzina langa linaiwalika, ndinasanduka "Mtumbuka uja". Nsapato zanga za kusukulu ndinkazivula panjira nkuzibisa m'tchire, kuti ndifanane ndi anzanga. Zotsatira zake zinali matekenya, amene msuweni wanga ankandizula ndi pini Loweruka lililonse. Ndatchula izi chifukwa mwana wanu akapita ku Mzimba adzakumana ndi zomwezi motembenuza. Chitumbuka cha m'tauni chosakaniza ndi Chichewa si chimene amayankhula agogo ake kumudzi, ndipo ana anzake adzamuseka ndithu asanamuzolowere.

Sindikufuna muganize kuti kunali kulira kokhakokha. Mudzi uja unandiphunzitsa zinthu zimene ndikudya nazo mpaka lero. Ndinaphunzira kusenza ndowa pa nkhata osatayikira, kukonola chimanga awiriawiri pa mtondo umodzi minsi osagundana, kupeta, kuviika mphale, kusiyanitsa bowa wodya ndi wakupha. Mvula yoyamba ikagwa tinkathamangira ku chulu ndi miyuni ya udzu kukagwira ngumbi. Masuku akapsa tinkabwera m'phiri mimba ili tototo. Mwezi ukawala tinkasewera chipako ndi fulaye mpaka agogo atatiitana, ndipo tikalowa ankayamba, "Padangotero," ife nkuvomera, "Tili tonse." M'mawa uliwonse ndinkapeza mkute wowotcha pa makala atandibisira pansi pa lichero, poti agogo anaona kuti mwana wa m'tauni sanazolowere kupita kusukulu m'mimba muli pululu. Ana enawo ankadziwa, koma palibe anadandaula. Agogo ankati mwana wa mnzako ngwako yemwe, tsono uyu ndi wa mwana wanga weniweni, mukuti nditani.

Zowawa nazo zinalipo. Sukulu ya pulayimale inali itangosanduka yaulere mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litalowa, ndipo ana anakhamukira m'makalasi mwa unyinji woti zipinda sizinakwane. Ife a Sitandade 3 tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa kachere, bolodi atalitsamiritsa pa thunthu. Mvula ikangoyamba, sukulu yatha. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe itapepuka, inalinso nthawi yothyola fodya. Tinkalawirira kumunda, masana nkukhala m'chigafa kusoka masamba, manja ali bii ndi phula lomata limene silichoka ndi sopo wamba. Masabata ena ndinkapita kusukulu kawiri kokha. Ndinabwereza Sitandade 4. Akazi a amalume sanali munthu woipa mtima, koma anali ndi ana awo asanu, ndipo pogawa ntchito yotsuka miphika ndi kukatunga madzi achiwiri, dzina limene linkafulumira kubwera pakamwa pawo linali langa. Tsiku lina amayi a Chigwirizano anabwera kudzacheza ndi agogo atanyamula sopo ndi mchere. Mmodzi anandiloza nkufunsa, "Wamasiye uja ndi ameneyu?" Aka kanali koyamba kumva mawuwo akunena ine. Ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe mpaka atapita.

Koma zonsezi, matekenya, fodya, njala ya mu Febuluwale, kusekedwa, sizimene zinandipweteka kwenikweni. Zimenezo ndinkapirira limodzi ndi ana ena onse a m'mudzimo, ndipo chimene mukuvutika nacho limodzi ndi anzanu sichilemera kwambiri. Chimene ndinkasenza ndekha chinali china.

Kawailesi ka bambo kaja amayi anandisiyira. Agogo akagulitsa mtedza ankagula mabatire, ndipo madzulo tinkatsegula MBC, imene nthawi imeneyo inali wailesi yokhayo ya dziko lonse. Ikafika nthawi ya mauthenga achisoni, akuluakulu ankatchera khutu kuti amve ngati kwagwa zovuta kwa achibale akutali. Zaka zimenezo maliro anali osatha, matenda aja anthu ankaopa kuwatchula dzina anali atafika pachimake, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anadzayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Woulutsa ankawerenga dzina ndi dzina, mudzi, mfumu yaikulu, boma, tsiku loika. Ine ndinkakhala pafupi ndi wailesiyo nditagwira mpweya, kudikira dzina la amayi anga. Akangoti "amene amakhala ku Mzuzu", m'mimba munkatentha ngati ndameza khala la moto. Pologalamu ikatha osawatchula, ndinkadziwa kuti ndapatsidwa tsiku limodzi lina.

Maganizo anga a umwana anali olunjika ndithu. Bambo atamwalira anandiuza kuti apita kukapuma. Amayi anandiuza kuti ndi holide yokha, holide inatha, sanabwere. Ndiye ngati akuluakulu amanama munthu akafa, ndingadziwe bwanji kuti amayinso sanafe? Mwina onse pamudzipa akudziwa, akungondiyang'ana ngati azimayi a pampopi aja. Ndinkayang'anitsitsa nkhope za anthu ochokera ku Mponela kuti ndione ngati akubisa kanthu. Ndinayamba kukodza pogona, chinthu chimene ndinali nditasiya kalekale. Ndinkadya koma osanenepa.

Amene anatulukira ndi agogo, mayi wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake. Tsiku lina tikutonola chimanga pakhonde awiriwiri anandifunsa osandiyang'ana, "Iwe, pa wailesi paja umamvera dzina la yani?" Ndinangoyamba kulira. Anandisiya ndilire mpaka nditatopa, kenako anati, "Amako ali moyo. Tsiku limene kudzagwe kanthu, ndidzakuuza ndine, ndi pakamwa pangapa, dzuwa lisanalowe. Abambo ako adamwalira, adaikidwa kwawo ku Ntchisi. Adakulakwira posakuuza." Munthu wamkulu woyamba kunena mawu akuti "adamwalira" pamaso panga anali iwowo, patatha pafupifupi chaka.

Sanalekere pomwepo. Anaitana amalume nkuwauza kuti mwana uyu akuonda ndi maganizo, mupite naye akaone pamene pagona bambo ake. Amalume anakana poyamba, ati ana sapita kumanda, anthu adzatiyesa chiyani. Agogo anaumirira. Tinanyamuka pa njinga mbandakucha, ine pakaliyala atandiyalira chitenje, ndipo tinafika kwa bambo dzuwa lili paliwombo. Kumanda sulowa wekha, ndiye anayamba akapempha kwa amfumu, amene anatipatsa mkulu mmodzi wotitsogolera. Ndikukumbukira kuzizira kwa m'nkhalango ya kumandako, masamba ouma akulira kumapazi, ndi mtumbira wa dothi lofiira umene unali utayamba kumera udzu, pali kamtanda kathabwa, dzina lolembedwa ndi penti yoyera. Ndinaliwerenga mokweza, chilembo ndi chilembo. Ndinafunsa ngati akumva kuzizira. Mkulu uja anagwada kuti tifanane msinkhu nkundiyankha kuti ayi mwanawe, thupi likafa silimvanso kuzizira kapena kuwawa, chifuwa chija chinatha.

Usiku umenewo ndinagona kwa agogo obereka bambo. Ndinkawaopa chifukwa cha lole ija inanyamula katundu wathu, koma iwo analibe nazo mbali. Anatulutsa m'chikwama chakale kagalimoto kamawaya kochita dzimbiri, mateyala ake a zitsekerero za mabotolo, nkundiuza kuti bambo anapanga ali ndi msinkhu wangawo, ndipo ankakwapulidwa chifukwa chodula waya wa mpanda wa kumunda kwa eni ake. Ndinaseka. Kanali koyamba kuseka pa nkhani ya bambo chimwalirire. Titabwerera ku Dowa kukodza pogona kunatha pasanathe mwezi.

Agogo anapitanso kwa aphunzitsi aakulu kukapempha kuti awalembere kalata yopita ku Mzuzu. Kuyambira pamenepo makalata a amayi ankabwera kudzera pa keyala ya sukulu, mwina kamodzi pa miyezi iwiri, ndipo ndinkawawerengera agogo ndine. M'zaka ziwirizo amayi anabwera kudzandiona kawiri. Anadzanditenga kumapeto kwa Novembala 1997, sabata imene wailesi inkangoimba nyimbo zamaliro chifukwa a Kamuzu Banda anali atamwalira.

Kubwerera sikunali kophweka monga ndinkalotera. Amayi anali atapeza kachipinda ku Chibavi, akugulitsa mandasi ndi tomato. Mlongo wanga amene ndinamusiya akukwawa sanandidziwe, ankandikankha ndikakhala pafupi ndi amayi, amvekere amayi anga awa. Ineyo ndinkawagwadira amayi powapatsa madzi ngati mlendo, ndipo ndikadwala ndinkafuna agogo. Zinatitengera zaka kuti tizolowerane.

Tsopano ndibwere kwa inu. Sindikuuzani kuti musamutumize. Ndikudziwa mmene lendi ya ku Mzuzu imapanira pakhosi, ndikudziwanso kuti bale la kaunjika siligulika ndi misozi. Kulera ana kwa agogo si chachilendo m'dziko muno. Kafukufuku wa boma wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana asanu alionse sakhala ndi kholo lomubereka. Ambiri a ife tinakula choncho ndipo tili ndi mabanja athu. Apongozi anunso ataya mwana wawo, ndipo mwina pofuna mdzukuluyu akufuna kuonako nkhope ya malemu pakhomo. Chimenecho ndi chikondi, musachione ngati chiwembu pokhapokha mutaona zizindikiro zina.

Koma musanamukweze basi, khalani naye pansi, inuyo, osatuma munthu. Simunandiuze ngati anapita kumaliro kapena ngati mwakambirana naye za imfayi. Ngati simunatero, yambirani pamenepo. Nenani mawu enieniwo, kuti adadi anamwalira, sadzabweranso, si chifukwa cha chilichonse chimene iye anachita kapena kunena. Mawu ozungulira aja timakonda akuluakulufe, akuti apita, atisiya, agona, mwana wa zaka 8 amawamva monga mmene alili. Wopita amabwerera, wogona amadzuka. Akafunsa funso lomwelo kakhumi, muyankheni kakhumi. Mukalira pamaso pake palibe cholakwika, adziwe kuti kulira bambo ake nkololedwa m'nyumbamo. Ndipo mumuuze chifukwa chenicheni chimene akupitira kwa agogo: ndalama zavuta, mukufuna mupeze mpamba, si kuti iye ndi wolemetsa kapena kuti mwasankha mlongo wake. Mwana amene watsala ndi mayi ndi wakhanda, wamkuluyo akapanda kuuzidwa amadzipezera yekha chifukwa, ndipo chimene amapeza nthawi zonse chimakhala chomunyoza iye mwini.

Kenako tsiku. Apa ndiye pagona mtima wanga wonse. Mawu akuti "mpaka ndidzapeze bwino" ndi a akuluakulu, mwana sangawawerenge pa zala. Mupatseni chinthu chooneka: udzabwera teremu yoyamba ikatha, tidzadyera Khirisimasi limodzi kuno. Gulani kalendala, muzunguze tsikulo ndi cholembera iye akuona, apite nayo. Musalonjeze tsiku lapafupi pofuna kumutonthoza pa depoti. Ndi bwino kunena chaka chathunthu nkuchisunga kusiyana ndi kunena mwezi umodzi nkusowa. Zikadzavuta kuti tsikulo silitheka, adzamve kwa inu lisanafike, ndipo mudzamupatse lina.

Inu muli ndi chimene amayi anga analibe, foni. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, kaya Lamulungu akaweruka kutchalitchi, ndipo muziimba osaphonya ngakhale mutakhala ndi mayunitsi a mphindi ziwiri. Pemphani kuti poyankhula nanu azipita payekha, chifukwa mwana sanganene kuti akugona ndi njala azakhali ake ataima pambali. Musamangofunsa kuti uli bwanji, adzati ndili bwino. Mufunseni wadya chiyani lero, wagona ndi yani, kusukulu wapita masiku angati sabata ino, ndani amakutuma kwambiri. Mayankho a mafunso otere ndiwo adzakuuzeni zoona.

Mupitenso nokha mukaone kumene akukakhalako, musangomutumiza ndi munthu wa pa minibasi. "Kwa agogo" ndi mawu otakata. Pakhomopo pali ndani? Agogowo ali ndi mphamvu zophika ndi kuyang'anira mwana, kapena kwenikweni akufuna wowatungira madzi? Adzagona nyumba iti, ndi yani? Poti ndi mtsikana, funso limeneli musachite nalo manyazi, ngakhale apongozi atakwinya nkhope. Muphunzitseni kuti pali malo a thupi lake amene munthu aliyense, kaya ndi wachibale, sayenera kuwagwira, ndipo akuuzeni msanga wina akayesa. Aloweze nambala yanu pamtima, komanso 116, nambala yaulere yothandiza ana imene amayendetsa a bungwe la YONECO. Kafikeni kusukulu, mukaonane ndi aphunzitsi aakulu, mukasiye kalata ya transifa ndi manja anu, mutengeko nambala ya mphunzitsi mmodzi. Ku Mzimba nakonso amalima fodya, ndipo ngakhale malamulo masiku ano amaletsa kugwiritsa ana ntchito imeneyi, m'mudzi mwana amangotengedwa ngati akuthandiza. Nenani poyera kuti nthawi ya sukulu ndi ya sukulu. Kangachepe kamene muzitumiza pa Airtel Money kapena Mpamba kazipita kwa munthu amene amamuphikira mwanayo, osati kwa amene ali ndi foni yabwino pamudzipo.

Pali nkhani ina imene simunaitchule koma ndikuiona kuseri kwa kalata yanu. Ku Mzimba ukwati ndi wa malobolo, ndipo pa mwambo wa kumeneko ana amawerengedwa kuti ndi a kuchimuna. Kwathu ku Dowa zinali zosiyana, ine ndinapita kwa eni mbumba, kuchikazi, ndipo panalibe woti angawakanize amayi kudzanditenga. Kwa inu mawu akuti "akakhale nafe pang'ono" akhoza kumveka mosiyana m'makutu a anthu awiri. Choncho nkhaniyi isathere pa foni pakati pa inu ndi apongozi. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, mugwirizane pamaso pawo kuti mwana akupita kukakhala kwa nthawi yakuti, adzabwerera kwa mayi ake tsiku lakuti, ndipo ngati nkotheka zilembedwe. Sikuwanyoza apongozi. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mwanayu adzawafuna abale a bambo ake moyo wake wonse, monga ine ndinawafunira agogo a ku Ntchisi aja. Kumvana kwa poyera ndiko kudzateteze chibalecho.

Dziwaninso kuti lamulo lili kumbali ya inu ndi ana. Zimene zinawachitikira amayi anga mu 1995, lole kubwera kudzasesa m'nyumba, lero ndi mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nawo, malinga ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 nalo limati pa nkhani iliyonse yokhudza mwana, choyamba kuganizira ndi ubwino wa mwanayo. Ngati amuna anu anali pa ntchito yolembedwa, fufuzani za ndalama zawo za penshoni ndi zina zimene ana ayenera kulandira, mwina mpamba umene mukuusowawo uli kumeneko. A ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, a Legal Aid Bureau ndi a Victim Support Unit kupolisi onse alipo mu Mzuzu muno, ndipo kukafunsa sikutanthauza kuti mwawasumira apongozi.

Mwina mungayesenso njira zapakati musanafike pa chaka chathunthu. Apite holide ya Disembala yokha, abwere, mumve mmene akukambira za kumeneko. Kapena apongoziwo abwere adzakhale nanu mwezi umodzi kapena iwiri, azikugwirirani wakhandayo inu muli kumsika, nawonso adzaone ndi maso awo mmene zinthu zilili. Ngati mumapemphera, amayi a Umanyano kapena gulu la amayi la mpingo wanu adziwe za lendiyo, musafe nazo chamumtima. Banki mkhonde ya azimayi anzanu a pamsika ikhoza kukudzutsirani theka la bale. Ndikunena izi chifukwa miyezi yoyambirira imeneyi ndi imene mwana amafunitsitsa kuona kholo lotsalalo likudzuka m'mawa uliwonse. Ngati pali njira yoti akhale nanu ngakhale mukudya nsima ya bonya tsiku ndi tsiku, ineyo ndingasankhe imeneyo. Ngati palibe, mutumizeni, koma apite akudziwa zonse.

Funso lanu lomaliza lija. Inde, ndinawakhululukira, koma zinatenga nthawi, ndipo zinatheka titakambirana. Ndinali nditabereka kale mwana wanga woyamba. Tsiku lina tikusankha nyemba pakhonde ku Chibavi ndinawafunsa chifukwa chimene ananenera kuti ndi holide yokha. Anasiya lichero nkukhala kaye chete. Kenako anati iwonso ankakhulupirira zimenezo, ankaganiza kuti pofika Sepitembala adzakhala atapeza pokhala. Zitakanika anachita manyazi kulemba kalata yopanda tsiku ndi yopanda ndalama, ndiye ankangoti ndilemba mwezi wamawa zikakhala bwino. Anandiuzanso kuti chaka choyambacho ankagona pa makatoni m'khitchini ya mayi wina wa kutchalitchi, mlongo wanga ali pamsana, ndipo madzulo aliwonse ankapita kwa aneba kukamvera mauthenga achisoni, kuopa kumva dzina langa. Pologalamu yomweyo, ola lomwelo, iwo ku Mzuzu ine ku Dowa. Nthawi imeneyo anali ndi zaka 29, ocheperapo kuposa mmene ndinalili ine tsiku limene tinkasankha nyembalo.

Mukakambirana ndi ankhoswe mundilemberenso, mayi mnzanga. Ndikufuna kudzamva tsiku limene mwazunguza pa kalendala ija, ndi zimene mwanayo anafunsa mutamuuza za bambo ake.